Zidendene za mphwanga

Bwana wathu ku hotela ya ku Senga Bay anali mzungu wosadziwa kukalipa. Ngakhale pochotsa munthu ntchito ankayankhula ngati akuitanitsa tiyi. Ndiye liwu limene linatsala pang'ono kumudula miyendo mphwanga, bwanayo analinenanso motsitsa momwemo, akupukuta magalasi ake ndi nsonga ya malaya.

Pa hotelapo ine ndinali woyang'anira maweta. Koma popeza ndinafika Fomu Folo, pamene alonda athu ambiri sukulu anailekeza ku pulayimale, ntchito yomasulira pa misonkhano inagweranso ine. Bwana akanena zake m'Chingerezi, ine ndinkatembenuzira m'Chichewa. Sindinkawonjezera, sindinkachotsera. Anthu ankandidziwa kuti ndine wopsa mtima msanga, koma palibe anandinenapo kuti ndine wabodza.

Mphwangayo ndi amene ndinapondana naye. Tonse tinakulira pa chingwe cha khoka bambo athu ali moyo. Ine sukulu inandichotsapo, iye anatsala, ndipo anakhala mkokakhoka woti eni makoka ankamulimbirana. Vuto lake linali mutu. Zaka zina, kukayamba kutentha, unkasokonekera. Ena ankati ndi chamba, ena ankati anamulodza. Ine sindidziwa, ndipo amene amati akudziwa amangoyankhulapo. Nthawi ya chipani chimodzi zikamuyamba tinkamutsekera m'nyumba msangamsanga, chifukwa misala yake inkakonda kutukwana boma, ndipo masiku amenewo wamisala akatukwana boma amene ankakayankha ndi abale ake amutu wabwino.

Koma ulendo uno inali nyengo ya matipate. Aliyense anali kukuwa. Magalimoto a zimkuzamawu ankadutsa mumsewu kutukwana boma lakale, ena kutukwana latsopano. Ndiye mphwanga atakwera pa boti lovundikira n'kuyamba kulalikira za ufulu, anthu anamuwombera m'manja. Ena mpaka ankamufunsa kuti ali mbali iti. Amene anazindikira kuti zabweranso ndi mlamu wanga, mkazi wake, ataona kuti munthu sakugona, sakudya, akungoyenda.

Chimene chinamukola pamtima chinali waya. Hotela yathu inali itatalikitsa mpanda wake wa waya mpaka kukalowa m'madzi, n'kutseka malo amene bambo athu ankayanikapo khoka. Pamenepo wamisalayo sankanama. Tsiku lina masana anapinda wayayo n'kulowa, nkhafi yopalasira bwato ili paphewa. Anagwetsa maambulera, anaswa matebulo awiri, mayi wina wachizungu anathawira m'nyanja ndi buku lake. Mlonda amene anayesa kumugwira, bambo wa banja ndi ana, anamenyedwa ndi nkhafi pamkono n'kuthyoka. Ine tsikulo ndinali ku Salima kukagula zakukhitchini. Ndinamva pobwera.

Mmawa mwake bwana anaitanitsa alonda onse kuseri kwa khitchini, ine n'kuima pambali pake monga mwa masiku onse. Alonda onse ankadziwa kuti wamisalayo ndi mphwanga. Bwana yekha ndiye sankadziwa. Anati sakufuna kuti munthuyo aphedwe. Anati akabweranso, alonda achite naye chimene iye anachitchula kuti incapacitate.

Liwulo ndinkalidziwa. Mphunzitsi wathu wa Chingerezi ku sekondale anatifotokozerapo bwino lomwe. Munthu amene malungo amugoneka, munthu amene wamangidwa manja ndi miyendo, munthu amene wathyoka msana pa ngozi ya galimoto, onsewo liwu lawo ndi lomwelo. Limangonena kuti munthu walephera kuchita zimene amachita. Silinena kuti wamulepheretsa ndi chiyani, silinenanso kuti adzadzuka liti. Kwathu kuno sitiyankhula choncho. Ukati mumange, aliyense amadziwa kuti chingwe chimamasulidwa. Ukati mukomole, atsitsimuka. Ukati mupundule, wapundula basi, mpaka kumanda. La Chingerezili limanyamula zonsezo m'thumba limodzi, wotumidwa apise yekha dzanja n'kutulutsa chimene akufuna. N'chifukwa chake mabwana amalikonda. Munthu amalinena pakamwa pali poyera.

Sindinamasulire nthawi yomweyo. Ndinamufunsa kaye bwana kuti akutanthauza kwa nthawi yaitali bwanji. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, nati mpaka apolisi afike, ndipo asagwiritse mphamvu zopitirira zofunika. Ndinatembenukira kwa alonda n'kunena chimodzichimodzi: akabweranso mumugwire, asathe kuchita kanthu mpaka apolisi afike. Osamupha. Osamupweteka popanda chifukwa.

Kapitawo wa alonda anafunsa, nkhope ili gwa, kuti apolisiwo amafika tsiku lanji. Alonda anaseka chamumtima, chifukwa tonse tinkadziwa kuti ukawaitana unkayamba wamva za mafuta a galimoto. Kenako kapitawoyo anawombetsa nsapato zake ngati msilikali.

“Tamva, bwana. Sadzachitanso kanthu.”

Kapitawoyu ndimufotokoze. Kale anali m'gulu la anyamata aja ankaima pa zipata za misika kufunsa makhadi a chipani. Ine ndemwe anandikhazikapo padzuwa pa msika wa Salima chifukwa khadi ndinaiwala m'thalauza lina. Zinthu zitasintha anavula yunifolomu ija n'kuvala ya ulonda, koma manja anali omwewo. Miyezi ingapo m'mbuyomo, bwana ali ku tchuthi kwawo, alonda anagwira munthu akumasula injini pa boti la hotela. Masiku amenewo anthu ankati demokalase yamasula akuba, ukamupereka ku polisi mawa umupeza pa msika. Kapitawo sanamupereke. Anamugoneka chafufumimba n'kumudula mitsempha ya kuseri kwa zidendene, yonse iwiri. Munthu ameneyo ndinkamuona pa depoti ya minibasi ku Salima, akukwawa, masilipasi atavala m'manja. Nayenso sankachitanso kanthu.

Ndinamuuza bwana pamaso pa onse kuti wamisalayo ndi mng'ono wanga, bere limodzi. Anavala magalasi ake n'kupepesa, ndipo ndikhulupirira kuti anapepesa zoona. Anati ngati ndingathe kumutengera ku chipatala asanabwerenso, zingakhale bwino kwa tonse, koma alendo ake ayenera kutetezedwa, lamulo likhala momwemo. Ndinamufotokozera za munthu wa injini uja. Anati anamva kuti amene anachita zimenezo ndi anthu a m'mudzi. Kapitawo anangoima njo, maso ali kutsogolo, Chingerezi osachimva koma nkhani akuitsata. Pamenepo mtima unandikwera. Ndinamuuza bwana kuti iye ndi munthu wodyera pakhonde, sadziwa chimene chimaphedwa kuseri kwa khitchini yake. Maweta amene anali pa zenera anabweza mitu. Bwana anangoti ndipite kunyumba ndikazizire, ndibwere ndikakonza za m'bale wanga.

Sindinapite kunyumba. Ndinamutsata kapitawo kuseri kwa kanyumba ka jenereta. Ndinamupeza atakhala pa sitepe ya simenti, akunola chikwanje, akuthirira timadzi ta m'botolo.

“A Fomu Folo,” anatero osadzutsa mutu, “mwabwera kudzamasulira chikwanje?”

Ndinamuuza kuti wamva yekha, bwana wati kumugwira basi. Anandifunsa ngati ndinamugwirapo wamisala ndi manja. Anati mphamvu za wamisala si zake, anthu asanu amawamwaza ngati nkhuku. Anati mlonda wake mkono uli m'chikhakha, ndipo mlendo mmodzi akangovulala hotela itsekedwa, tonse tikakoka khoka, ine ndi Chingerezi changa ndemwe. Zina mwa zimenezi zinali zoona, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Kenako anayesa chikwanje pa chikhadabo n'kunena mofatsa, ngati akundithandiza nzeru.

“Ine ndimangokhudza pang'ono, apa, kuseri kwa chidendene. Munthu amakhala pansi. Safa ayi. Mlamu wanu azidzamupeza pakhomo tsiku lililonse, osavutikanso kumusaka m'mabango.”

Pafupi panali chitsulo chopukusira jenereta. Ndinachiyang'ana, iyenso anaona kuti ndachiyang'ana. Chimene chinandigwira dzanja si ulemu. Ndinangowerengera kuti ndikamuswa mutu ndigona m'chitokosi, mphwanga n'kutsala yekha ndi alonda enawo. Ndinamuuza kuti akamukhudza ndidzamupeza ngakhale atathawira kwawo.

“Mutengeni ndiye,” anatero. “Kunja kwa waya ndi wanu. Akadutsa waya ndi wanga.”

Mlamu ndinamupeza pa thandala akutembenuza usipa. Maso anali atafiira ndi kusagona. Anandiuza kuti alongo ake ndi amuna ena atatu anayesa kale kumumanga ndi chingwe cha ng'ombe. Mmodzi anamuluma paphewa, wina anamuponyera pa mtondo. Nkhafi ija saisiya, ngakhale pokodza. Amabisala kumiyala, ndipo dzuwa likafika pamutu, nthawi imene azungu amagona pamchenga, amayamba ulendo wa ku waya. Ndinamufunsa ngati pali munthu amene amamumvera. Anati palibe, ngakhale ana ake sawazindikira bwino. Kenako anakumbuka kanthu kena, anangokanena ngati kopanda ntchito. Anati dzulo lake mmawa, khoka likukokedwa, mwamuna wake anaima patali nthawi yaitali akuonerera, ndipo mapazi ake ankabwerera m'mbuyo okha pamchenga, kutsatira mayendedwe a okoka.

Amene sanakokepo khoka sangamve chimene ndinamva ine pamenepo. Khoka limaponyedwa ndi boti mozungulira, zingwe zake ziwiri n'kutsala kumtunda, dzanja lamanja ndi dzanja lamanzere. Wokoka amavala lamba wa chiguduli m'chiuno, wokhala ndi kachingwe kamene amakakulunga pa chingwe chachikulu. Ndiye amatsamira chagada, manja onse awiri pa chingwe, n'kumabwerera m'mbuyo. Akafika kumapeto amamasula, amayenda kupita kutsogolo kumadzi, n'kukamanganso. Munthu wokoka khoka sangagwire nkhafi. Ndiponso amadzimanga yekha m'chiuno, popanda womukakamiza.

Ndinapita kwa mwini khoka limene mphwanga ankakoka. Anali bambo wachisilamu, mnzawo wa malemu bambo athu, ndipo ndinamupeza akuchokera ku mzikiti, kofiya ili kumutu. Nditafotokoza kuti ndikufuna timukole mphwanga ndi khoka, anagwira ndevu n'kunena kuti astaghafirullah, khoka ndi la nsomba. Anati iye payekha sakhulupirira zambiri, koma anyamata ake amakhulupirira kuti khoka likakola munthu, wamoyo kaya wakufa, nsomba zimalithawa mpaka lisambitsidwe ndi mankhwala, ndipo ena angamuchokere. Anatinso ndani anaponyapo khoka dzuwa lili paliwombo, nsomba zitatsikira pansi.

Ndinamukalipira, munthu wa msinkhu wa bambo anga, pakhomo pake. Ndinamuuza kuti zikhatho za mphwanga zinauma ngati matayala chifukwa cha chingwe chake, kuti nyumba ya malata imene waimamo inamangidwa ndi msana wa munthu amene akumukanayo. Ndinanena zinanso zimene sindilemba. Akazi ake analowa m'nyumba. Iye anangodikira.

“Wamaliza, mwana wa mnzanga?”

Ndinati ndamaliza. Anati mkwiyo wanga ndi wa bambo anga, ndipo nawonso sunawaphere nsomba. Kenako anayamba kuganiza mokweza. Anali ndi chidutswa cha khoka lakale chimene anatchingira dimba kuti nkhuku zisalowe. Chimenecho sichibwereranso m'madzi, ndiye anyamata sangadandaule. Ine ndinati ndiye tingoponya chingwe chokha, timangirire mwala, tiziyerekeza kukoka. Anapukusa mutu. Anati mphwanga angaiwale dzina la mwana wake, koma kulemera kwa khoka sangakuiwale, akangogwira chingwe adziwa kuti tikumunamiza. Liponyedwe khoka lenileni. Inshallah mawa, dzuwa likamakwera.

Mawa lake kunatentha koti mchenga unkawotcha kudzera m'nsapato. Khoka linaponyedwa pafupi ndi mpanda wa hotela, chinthu chimene asodzi anali atasiya chiikireni waya. Mwini khoka anaika anthu ambiri ku dzanja lamanja, ku dzanja lamanzere n'kusiyako ochepa dala. Ine ndinali kumanzereko, lamba m'chiuno, nditavala thalauza langa lakuda la uweta chifukwa lina ndinalibe pafupi. Chidutswa chija tinachipinda n'kuchisiya kumapeto kwa mzere wathu, titachifotsera ndi mchenga pang'ono. Nkhani inali itafika kale ku hotela. Mkati mwa waya, pansi pa mtengo, kapitawo anakhala pa mpando wa alendo ndi alonda atatu, chikwanje chili pamiyendo. Kumtunda kwake azungu anali atagona pa timabedi tawo, atadzola mafuta.

Tinayamba kukoka. Wotsogolera nyimbo ankaitana kuti tiyeni nalo, ife n'kumavomera kuti labwera. Ntchafu zanga zinali zitaiwala ntchitoyi, ndipo posakhalitsa zinayamba kunjenjemera. Khoka linali litafika pakati, mphwanga osaoneka. Ndinayamba kuopa kuti litha asanabwere.

Anatulukira kumiyala. Analibe malaya, nthiti zikuwerengeka, nkhafi ili paphewa, akuyankhula ndi anthu amene ife sitinkawaona. Sanatiyang'ane n'komwe. Analunjika pamalo paja anapinda waya, pamene alonda anali atangolumikiza ndi tizingwe. Wotsogolera anakweza mawu, ife tinavomera mokweza, koma iye anangodutsa kumbuyo kwathu ngati tinali mitengo. Ndinaona kapitawo akuimirira. Anapatsa mlonda wina chipewa chake kuti amugwirire, n'kusuntha kukaima pambali pa pobowoka paja, pamene munthu wolowa amayenera kuwerama n'kutsogoza mutu, miyendo kutsala m'mbuyo.

Mphwanga anagwira waya ndi dzanja limodzi. Ine ndinayamba kumasula kachingwe kanga kuti ndingomuthamangira, zichitike zimene zichitike. Koma mwini khoka anandiposa. Sanamunyengerere ayi. Anamukalipira ndi mawu ake a masiku onse, amene ankakalipira nawo waulesi aliyense pa doko.

“Iwe, waima chiyani pamenepo? Suona khoka likupendekeka? Kumanzere kulibe anthu, nsomba zikutuluka.”

Mphwanga anatembenuka. Anayang'ana kumadzi, ndipo zinali zoona, dzanja lamanja linali litatsogola, lathu litatsalira, khoka litakhota ngati pakamwa pa munthu wodwala. Anaima choncho, dzanja lina pa waya. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yotani. Kenako anatukwana, kutukwana kwa pa ntchito, kotchula ulesi wa anthu ndi amayi awo. Anazika nkhafi mumchenga, anabwera chothamanga, anatola lamba amene tinamusiyira dala, anamanga m'chiuno, n'kukulunga kachingwe patsogolo panga penipeni. Atatsamira, chingwe chonse chinamva kuti pabwera munthu.

Anacheuka n'kundiona. Anayang'ana thalauza langa lakuda.

“Achimwene, akuchotsani ntchito?”

Ndinati ayi, ndangobwera kudzathandiza.

“Ndiye kokani ndi msana. Mukukoka ndi manja ngati mukunyamula thireyi.”

Anthu anaseka, kuseka kwa mantha. Iye anasekanso. Tinakoka limodzi, iye patsogolo ine pambuyo, monga tinkachitira tili ana. Anthu osaoneka aja anasiya kuyankhula nawo. Ankavomera nyimbo, mapazi akuponda mofanana ndi athu, ndipo dzanja lamanzere linayamba kulipeza lamanja. Ndinaganiza zongomusiya. Koma khoka limatha. Likafika kumtunda munthu amamasula lamba, ndipo nkhafi inali chiimire pomwe anaizika, mayadi ochepa kuchokera pa waya.

Tinkabwerera m'mbuyo, kuyandikira pamene tinafotsera chidutswa chija. Amuna awiri amene anali kumapeto anamasula zingwe zawo monga mwa nthawi zonse, ngati akupita kutsogolo. Anawerama, ananyamula chidutswacho uyu mbali iyi uyu mbali iyo, n'kudutsa nacho pamwamba pa mutu wanga. Ine ndinamukumbatira mphwanga kumbuyo, manja ake ndi chingwe chomwe, n'kudzigwetsa naye pansi.

Zoti mphamvu za wamisala si zake, kapitawo sananame. Anandimenya ndi nkhongo pakamwa, dzino ili lakutsogolo linathera pamenepo. Anadzuka nane ndili kumsana, koma lamba anamubweza. Ukonde ubwino wake ndi umenewo, ukamalimbana nawo ndi pamene umakukola. Zala zinalowa m'maso a ukonde, zigongono zinakodwa. Ine ndinasolokamo, anthu a kumanzere onse anasiya chingwe n'kumugubuduza pamchenga ngati akupinda mphasa, mpaka anakhala mtolo. Tinamanga zingwe pachifuwa, m'chiuno ndi m'mawondo. Ankabangula, koma sankatha kuchita kanthu.

Chidutswacho chinali chachifupi. Mutu unali mkati, koma mapazi anatsala kunja, chafufumimba, zidendene zili m'mwamba, zikupalasa mchenga.

Nditadzutsa mutu ndinaona kapitawo ali kunja kwa waya. Anali atatulukira pobowoka pomwe paja, chikwanje chili m'manja, akubwera mosafulumira. Asodzi anapatuka. Musawaweruze, anthuwa anali atamuopa munthu ameneyu zaka zambiri. Ndinamukumbutsa mawu ake, kuti kunja kwa waya ndi wanga. Anati ukonde wovunda wa nkhuku uduka tisanafike pamsewu, ndipo wamisalayo akadzabwera ulendo wina adzabwera ndi mkondo. Anati iye anapatsidwa lamulo, ndipo amene anamumasulira lamulolo ndi ine.

Ndinakhala pansi, pa mapazi a mphwanga. Ndinawakhalira ndithu, n'kutambasula miyendo yanga kutsogolo, n'kuvula nsapato.

“Yambani ndi izi,” ndinatero, magazi akutsika pachibwano. “Mukamaliza mundisunthe.”

Anaima pafupi moti ndinkaona pamene mwala unadya chikwanje. Pansi panga mapazi a mphwanga ankagundagunda. Mwini khoka anabwera n'kuima pambali panga, akungoyendetsa mikanda ya tasibihi m'zala. Kapitawo sanabwerere m'mbuyo, komanso sanasunthe kutsogolo. Ankayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati alonda ake amutsata. Alondawo anali atatsala mkati mwa waya.

Bwana ndinamuona ali pakhonde la bala, dzanja litatchinga dzuwa. Ndinamuitana ndi mawu amene woyang'anira maweta saitanira bwana wake. Azungu onse anadzuka pa timabedi tawo. Bwana anatsika, anazungulira ku geti, n'kufika akupuma mofulumira, nkhope itafiira. Ndinamuuza m'Chingerezi kuti liwu lake lija ndi ili lagona apali, aliyang'anitsitse. Munthu sangathe kuchita kanthu, ndipo madzulo tikhoza kumumasula ali wathunthu. Ndinamulozera chikwanje n'kumuuza kuti liwu lomwelo lilinso apo, ndipo limenelo silimasulidwa. Ndinamufunsa kuti ankafuna liti.

Anayang'ana mtolo uja, anayang'ana chikwanje, anayang'ana mapazi anga opanda nsapato. Ndikuganiza kuti ndi pamene anakhulupirira za munthu wa injini. Anandiuza kuti izi zakwana. Ndinati asauze ine, auze mwini chikwanje, ndipo ulendo uno sindimasulira. Chichewa chake chinali cha mawu osakwana khumi, koma awiri amene ankafunika anali nawo.

“Basi. Pitani.”

Kapitawo anawombetsa nsapato, mumchenga momwemo, zosamveka. Pochoka anandiyang'ana n'kunena kuti a Fomu Folo dzino lawo latsala pansi, alitole.

Khoka linafika kumtunda lili lokhota, a kumanja okha atalimbana nalo. Munali tinsomba tosadzaza ndowa. Mwini wake sanadandaule. Bwana anapereka pikapu ya hotela, tinamukweza mphwanga kumbuyo ali mu ukonde momwemo, mlamu atamuika mutu pamiyendo, ine nditagwira mapazi. Mpaka pamsewu waukulu ankatukwana. Titadutsa minda ya mpunga anakhala chete, ndipo ndinayesa wakomoka. Kenako anayankhula, ndi mawu ake enieni, a munthu wabwinobwino.

“Achimwene, munandiitanira pa chingwe.”

Ndinati inde.

“Pa chingwe sitinamizana. Bambo ankatero.”

Ndinamuuza kuti anditukwane mmene angafunire, koma kwawo adzabwerera akuyenda yekha. 

Ku chipatala cha ku boma anamubaya jakisoni tisanamasule ukonde, ndipo anagona ngati mwala. Mankhwala amene anamupatsa pambuyo pake nawonso anali a liwu lomwe lija. Kwa milungu ingapo khosi linali louma, malovu akutsika, akuyenda ngati wasenza ndowa yodzaza. Ndinkamuyang'ana n'kumadzifunsa ngati kapitawo ndi ine tinasiyana kwenikweni. Koma mvula itayamba anamuchepetsera mankhwala, khosi linamasuka, ndipo tsiku limene anatuluka anakana minibasi pa depoti. Anati akufuna ayende kaye. Tinadutsa pamene pankakhala munthu wa masilipasi m'manja uja. Mphwanga sankamudziwa, ndipo ine sindinamuuze.

Kapitawo tinadzamenyana chaka chotsatira pa nkhani ina ya makiyi a stolo, ndipo amene anachoka pa hotelapo ndi ine. Sindidandaula.

Mphwanga sanagwirenso chingwe cha khoka. Mwini khoka anamutumizira mawu kangapo, iye osayankha. Anasamukira ku Lifuwu kwawo kwa mkazi wake, amalima mpunga, ndipo amapalasa njinga ndi matumba mpaka ku Salima. Ndikapita amandilonjera mwaulemu, amandipatsa mpunga wa ana, timakamba za mvula ndi mbalame zodya m'munda. Za tsiku lija sitinakambepo.

Anabwera kunyanja kuno pa maliro a mwini khoka uja. Titachoka kumanda tinadzera ku doko, ndipo tinapeza anthu ena akukoka, dzanja limodzi litatsalira. Wotsogolera ankaitana. Ine sindinayang'ane khoka, ndinayang'ana mapazi a mphwanga. Phazi lamanja linabwerera m'mbuyo kamodzi. Kenako anapisa manja m'matumba, anati achimwene ndapita, dzuwa lingandithere, n'kukwera mtunda kulowera kumsewu. Ndinaima pomwepo kumuyang'ana kumbuyo, zidendene zake zikutukula mchenga, ichi kenako icho, mpaka anakhota pa mpanda wa hotela.